Motoka yakufa ili ndi chipinda, mwana wamoyo ali pamsewu

Tsegulani galaji iliyonse ya mu Shimabala imene yakhala yokhoma kwa chaka chathunthu, ndipo ndingakuuzeni zili mkati musanayatse tochi. Muli Corolla yokhala pa njerwa, idikira giyabokosi, ndipo ndalama ya giyabokosiyo inapita kale ku maliro, ku unga ndi ku mafizi a koleji. Muli firiji imene inapsa tsiku lina malaiti atabwera ndi ukali. Muli matayala osalala ngati dazi, matumba a simenti amene anauma n'kusanduka miyala, zitini za penti zosatseguka, TV yachimsana, matilesi amene makoswe anaberekeramo mibadwo ingapo, ndi mabuku a Grade 7 a munthu amene lero ali ndi ana ake atatu. Zonsezi zili ndi denga, zipupa zinayi ndi loko wamkulu pachitseko. Sizivumbwa ndi mvula, siziwambidwa ndi dzuwa.

Manje tulukani pageti cha m'ma 16 koloko. Anyamata a nyumba yomweyo akhala pa kalavati m'mbali mwa Kafue Road, apuma utsi wa matiraki opita ku Chirundu ndi ku Livingstone. Ena aunjikana kuseri kwa kantemba, foni imodzi anthu asanu. Ena aima pakhomo la bala, alibe ya botolo, koma mkati muli TV ndi pool table, ndiye adikira wina awagulireko. Atsikana ndiye saoneka n'komwe, atsekeredwa m'nyumba, chifukwa mtsikana akaima pamsewu mphindi khumi anthu amupatsa kale dzina. Motoka yakufa ili ndi chipinda chake, mwana wamoyo alibe pokhala. Ine ndikuti ichi n'chamanyazi, ndipo n'chimodzi mwa zinthu zochepa zimene tingakonze pa Chiwelu chikubwerachi popanda kudikira MP, kansala kapena mzungu wa thandizo.

Ndikati galaji, musathawire ku mawu akuti ife tilibe. Nyumba zambiri kuno zilibedi galaji ya chitseko chachitsulo ngati za kumayadi. Koma pali kachipinda kosungiramo katundu kuseri kwa nyumba, pali khola la nkhuku limene linasiyidwa chakudya cha nkhuku chitadula, pali kontena, pali kantemba kamene kanatsekedwa, pali nyumba yosatha yokhala ndi malata koma yopanda mawindo. Shimabala ndi malo a mapuloti ndi mafamu, kumene anthu ogwira nchito ku Lusaka, ku Chilanga ndi ku Kafue amanga pang'onopang'ono monga thumba lawalolera. Zipinda zongokhala zilipo zambiri. Tazipereka kwa makoswe.

Makolo athu, ndiyamba ndi inu, ndipo ndikamba mwaulemu. Tsiku lililonse timva madandaulo anu: ana a masiku ano ndi majanki, angodziwa kubecha, angodziwa mowa, sakhala panyumba. Zina mwa izi n'zoona. Koma funso limene simuyankha ndi ili: mufuna akhale kuti? Sitting room ndi ya alendo, masofa aphimbidwa kuti asade, rimoti ili ndi mwini wake. Kuchipinda agona anthu anayi. Kukhichini kuli amai ndi mapoto awo. Mwana akabwera ndi anzake awiri mukuti phokoso, pitani panja. Apitadi panja, ndipo panja pali anthu owalandira ndi manja awiri: wa bala, wa shopu yobechera, wogulitsa chamba ndi timabotolo ta mankhwala a chifuwa. Anthu amenewa saiwala kuika mpando, ndipo sathamangitsa munthu. Adziwa chimene ife tachiiwala, chakuti wachinyamata apita kumene kuli pokhala ndi anzake.

Mu 2012 boma linaletsa tujilijili. Lamulo la mowa la 2011 liletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18. Ndi malamulo abwino, koma kuletsa kutseka chabe khomo limodzi, sikutsegula lina. Timapaketi tinachoka, timabotolo tinalowa m'malo, ndipo mwana wosowa pokhala akali wosowa pokhala. Kalembera wa 2022 anapeza kuti mu Zambia tilimo anthu mamiliyoni 19.6, ndipo pafupifupi theka ndi osakwana zaka 18. Khamu lonseli lifunika kukhala penapake sukulu ikakomboka. Mwana wa ku Kabulonga ali ndi Manda Hill ndi East Park pafupi, ndi ndalama yoti agule ayisikilimu. Wa ku Shimabala kuti afike chabe pa Makeni Mall kapena pa Cosmopolitan afunika ya basi yopita ndi yobwera, ndipo akafika apeza kuti mpando uliwonse uli ndi mtengo wake. Mu tauni ulipira kuti ukhale pansi.

Chimene chindiwawa n'chakuti makolo ambiri omwewa anakulira m'midzi imene inali kuidziwa bwino nkhaniyi. Kum'mawa, mnyamata akasinkhuka sanali kugonanso m'nyumba ya amai ake. Anali kupita ku gowelo kapena ku mphala kwa anzake. Atsikana anali ndi kuka, kwa ambuya, kumene anali kucheza ndi kulangizidwa. Panali bwalo, panali nsolo pansi pa mtengo. Anzathu a Chibemba anali ndi insaka. Anthu amenewo analibe simenti, analibe malata, koma anadula mitengo ndi udzu kumangira achinyamata malo, podziwa kuti anyamata akasowa malo odziwika apeza osadziwika. Malo aja anali pafupi ndithu poti akulu aone utsi ndi kumva mawu, komanso anali patali pang'ono poti achinyamata apume ndi kuseka momasuka. Titabwera mu tauni tinanyamula lobola, tinanyamula alangizi, tinanyamula ulemu wogwada popereka madzi. Gowelo tinalisiya kumudzi, ndipo pamalo pake tinaimikapo Corolla.

Kafue yathu yomweyi ndi umboni. Tauni iyi inakula ndi mafakitale, Nitrogen Chemicals of Zambia, Kafue Textiles ndi ena, ndipo nyumba za Kafue Estates zinamangidwira anchito awo. M'masiku amenewo makampani akuluakulu, monga migodi ya ku Copperbelt, anali kusunga matimu a bola ndi makilabu, n'chifukwa chake tinali ndi dzina loti Nitrogen Stars. Mafakitale atafooka, zambiri zinafooka nawo. Koma onani chimene malo amodzi otsala angachite. Patson Daka ndi Enock Mwepu anadutsira pa Kafue Celtic, anali mu timu imene inatenga chikho cha Africa cha Under-20 mu 2017, anapita ku Salzburg ku Austria, ndipo mu 2021 onse awiri analowa mu Premier League, Daka ku Leicester City, Mwepu ku Brighton. Luso anabadwa nalo, koma panali bwalo lopitako masana, panali anzawo, panali munthu wamkulu wowayang'anira. Manje si mwana aliyense ndi wa bola. Wa draft ndi chess, woimba, wojambula, wokonda kutsegula mafoni akufa, woluka tsitsi, wofuna chabe powerengera popanda mwana wolira pambali, Khosa Stadium yake ili kuti?

Ndidziwa mayankho amene abwera, ndipo yoyamba ndi iyi: zidzagwira nchito tsiku lina. Mawu awa sindiwaseka. Munthu amene anaima pa mizere ya sopo, saladi ndi unga m'zaka za m'ma 1980 anaphunzira ndi thupi lake kuti chinthu sutaya. Ndipo n'zoona kuti zakale zithandiza. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu m'dziko la Malawi, anapanga makina a mphepo opanga magetsi ali ndi zaka 14, pogwiritsa nchito fani ya thirakitala ndi zitsulo za njinga. Koma onetsetsani nkhaniyo. Zitsulo zija zinagwira nchito chifukwa zinagwera m'manja mwa mnyamata. Zikanakhala kuseri kwa loko, bwenzi zili dzimbiri mpaka lero. Kusunga ndi kuunjika n'zosiyana. Wosunga adziwa chimene ali nacho ndi pamene chili. Wounjika agula sipanala yachitatu chifukwa ziwiri zinakwiririka pansi pa makatoni.

Ndipo katundu sadikira mwini wake. Simenti ikoka chinyezi n'kuuma m'miyezi yochepa. Matayala ang'aluka olo osayenda. Batire ikakhala yosachajidwa ifa. Motoka yoima makoswe aidya mawaya, mabuleki agwira dzimbiri, mafuta aonongeka mu tanki, mphira zonse ziuma. Chaka chilichonse chimene Corolla ikhala pa njerwa, mtengo wake utsika ndipo mtengo woikonzera ukwera. Ngati mudzaikonzadi, ikani tsiku pa kalenda. Ngati simungaike tsiku, igulitseni kwa amakanika monga masipeya pamene ikali ndi mtengo. Chotsala ndi sikirapu, ndipo tikhala pafupi ndi fakitale ya zitsulo ya ku Kafue imene isungunula sikirapu kupanga nsimbi zomangira nyumba. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndalama ya sikirapu ingagule mabenchi, penti ndi laiti ya sola lero, pamene motoka ya m'maloto siinanyamulepo munthu kwa zaka zambiri.

Yankho lachiwiri n'lolemera, ndipo anthu salikamba mokweza: katundu ndi wa malemu. Motoka inali ya atate, mashini yosokera inali ya amai, masutikesi ndi a achimwene amene anatisiya. Kutsegula galaji kuli ngati kutsegulanso maliro. Apa palibe chothamangira, ndipo wachinyamata amene alowamo ndi wilibala popanda kufunsa ndi wopanda mwambo. Koma tikambe zoona. M'magalaji ambiri chimene chakhoma chitseko ndi mkangano. Abale anagawana zabwino maliro atangotha, zotsala palibe afuna kuzikhudza, kuopa kuti a kumudzi adzati mwagulitsa chuma cha m'bale wathu.

Lamulo la Intestate Succession Act la 1989 lilipo kaamba ka zimenezi. Munthu akafa wosasiya wilu, ana alandira 50 peresenti, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo a malemu 20, ena amene anali kudalira malemu 10, ndipo pasankhidwa administrator woti agawe. Nchito ya administrator ndi kugawa. Ngati zaka zipita katundu ali kudyedwa ndi chiswe, chuma cha ana amasiye chitha popanda aliyense kudyako. Itanani banja, khalani pansi, lembani chimene apatsidwa ndani. Kenako sankhani zokumbukira: chithunzi, Baibulo, wailesi, jekete, mashini yosokera imene mdzukulu angaphunzirirepo. Ziikeni poonekera. Malemu akumbukiridwa bwino m'chipinda mmene adzukulu awo aseka kusiyana ndi mumdima mmene mununkha mikodzo ya makoswe.

Yankho lachitatu ndi ndalama, ndipo apa ndivomereza zambiri. Wina adzati galaji ikayera ndiikamo wa lendi kapena shopu, unga wadula. Ngati nyumba igona ndi njala, ikani wa lendi, palibe mwana wanzeru angatsutse. Koma ndiye chitani zimenezo. Amene ndilimbana nawo ndi aja amene akamba za lendi chaka ndi chaka pamene galaji silowetsa olo ngwee imodzi. Makoswe salipira lendi. Ndiponso ziwirizi sizidana nthawi zonse. Chipinda chimodzi chingakhale pometera tsitsi m'mawa, pophunzitsira a mayeso a Grade 12 masana, pochezera madzulo. Galaji yoyera mungaisandutse chilichonse mwezi wamawa. Galaji yodzaza singakhale kanthu.

Yankho lachinayi ndi mantha: pamenepo padzasanduka shabini, adzasuta chamba, ana athu adzapatsana mimba. Funso langa n'lakuti zimenezi manje zichitikira kuti? M'nyumba zosatha, m'thengo, kuseri kwa mabala, m'malo amene simudziwa ndipo simungafikeko. Galaji ili masitepe ochepa kuchokera pa windo la khichini. Mudzadziwa nkhope za anzake a mwana wanu, mudzadziwa makolo awo, mudzamva akayamba kukangana, mudzaona amene wabwera maso ali ofiira. Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo likakhala kutali moto upsereza mudzi lisanauzime. Zoona, walira mvula walira matope. Phokoso lidzakhalapo, shuga adzatha msanga, geti idzatsegulidwa kambirimbiri. Ndi mtengo wochepa mukauyerekeza ndi kukafunafuna mwana ku polisi usiku kapena kumuperekeza ku Chainama.

Otsiriza ndi aja oti iyi ndi nchito ya boma. N'zoona kuti khonsolo iyenera kumanga maholo, malaibulale ndi mabwalo, ndipo tiyenera kuikakamiza. Ndalama ya CDF inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse mu 2022, ndipo mu 2024 inafika pa K30.6 miliyoni. Mkati mwake muli gawo la achinyamata ndi la maphunziro a luso. Pitani ku Ward Development Committee, funsani, lembetsani kilabu yanu. Koma ndalama imeneyo ilimbiranidwa ndi madesiki, makalasi, zipatala, mijigo ndi misewu, ndipo holo ya achinyamata nthawi zambiri ikhala kumapeto kwa mzere. Mwana amene ali ndi zaka 15 lero sadzakhala ndi zaka 15 tsiku lodula riboni. Komanso gulu limene lili kale ndi malo, malamulo ndi buku la mayina limveka msanga pamaso pa komiti kusiyana ndi gulu limene likumana pa kalavati.

Manje ndibwere kwa inu anzanga achinyamata, chifukwa nanunso simuli oyera. Ambiri mudandaula kuti tilibe pochezera, koma tsache simuligwira. Mufuna mupeze chipinda chopentedwa kale, muli sofa ndi PlayStation. Sizidzachitika. Ndipo musapite kwa atate ndi mawu akuti ndi ufulu wathu. Nyumba si yanu. Pitani ndi pepala lolembedwa: ndani adzatulutsa katundu, katunduyo adzapita kuti, ndalama ya zogulitsa idzapita kwa ndani, malo adzatsekedwa nthawi yanji, kiyi adzasunga ndani. Ngati atate ndi ovuta, tengani amalume kapena ambuya amene awamvera. Chachikulu, musabe. Kutulutsa alternator usiku n'kukagulitsa ndi kuba, ndipo kudzakhomanso chitseko chija zaka zina zambiri, kwa inu ndi kwa azing'ono anu. Ndalama iliyonse ya sikirapu ifike poyamba m'manja mwa mwini katundu, kenako mupemphe gawo la mabenchi.

Nchito yake njosavuta kuifotokoza. Sankhani nyengo yopanda mvula, pakati pa May ndi October, kuti katundu agone panja popanda kuonongeka. Tulutsani zonse, musasiye olo katoni imodzi. Mwini katundu akhale pampando pamthunzi, chilichonse chidutse pamaso pake, ndipo mawu otsiriza akhale ake. Pangani milu inayi: zogwira nchito, zogulitsa, zopatsa ena, zotaya. Pepala lililonse liwerengedwe lisanatayidwe, chifukwa m'makatoni otere ndi mmene mubisala mapepala a puloti, marisiti, masatifiketi a sukulu, makhadi a ku chipatala ndi za NAPSA, ndipo pepala limodzi lingapulumutse nyumba yonse tsiku la mlandu. Zimene zatsala ziikeni pa mashelufu kukhoma limodzi, m'mwamba, zolembedwa. Mudzadabwa kuona kuti chinthu chimene chinadzaza chipinda chonse chikwana pa khoma limodzi.

Samalani thupi. Valani magambuti ndi magulovu, mangani nsalu pamphuno, gogodani mulu ndi ndodo musanalowetse dzanja, chifukwa pamene pali makoswe njoka sizikhala kutali. Wazani madzi pansi musanasese. Mabatire akale ali ndi asidi ndi mtovu. Musawaswe, musatayire madzi ake pansi, aperekeni athunthu kwa ogula mabatire. Amene aganiza kuti mtovu ndi nthabwala afunse a ku Kabwe, kumene mgodi unatsekedwa mu 1994 koma ana akali kupezeka ndi mtovu m'magazi. Oyilo wakuda wa mu injini musamuthire m'dothi. Dera la Lusaka ndi Chilanga lakhala pa mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu, mwala womwewo umene unabweretsa fakitale ya simenti ku Chilanga mu 1949, ndipo chimene mwathira pansi chipeza njira yofikira ku madzi a m'zitsime ndi m'mijigo imene timwa. Malata a asibesito musawaswe kapena kuwacheka, fumbi lake liononga mapapo patapita zaka. Zigubu za mankhwala a kumunda musasungiremo madzi olo mutazitsuka bwanji. Matayala musawatenthe. Abooleni kuti asasunge madzi a udzudzu, apenteni, akhale mipando.

Zotaya zipite kumene ziyenera kupita. Kuyeretsa galaji n'kukakhuthulira zinyalala mu ngalande usiku ndi kusamutsira chabe uve wanu pakhomo la mnzanu. Tonse tikumbukira kolera imene inayamba mu October 2023. Anthu oposa 20,000 anadwala, oposa 700 anafa, National Heroes Stadium inasanduka chipatala, ndipo masukulu sanatsegulidwe mpaka February 2024. Ngalande zotsekeka ndi madzi osefukira m'zimbudzi ndiye njira ya matendawa. Choncho lipirani wonyamula zinyalala, ndipo musanaitane anthu 15 kudzacheza, ganizirani za chimbudzi ndi ndowa ya madzi ndi sopo pakhomo.

Kumbukiraninso kuti galaji inamangidwira motoka, ndipo motoka siipuma. Zambiri zilibe windo. Boolani windo kapena ikani njerwa zolowetsa mphepo. M'nyengo yozizira ya June ndi July musalowetse mbaula n'kutseka chitseko. Makala atulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha, umene ugonetsa munthu osadzukanso. Jenereta nayonso ikhale panja nthawi zonse, patali ndi chitseko. Chilala cha 2024 chinatiphunzitsa kukhala mumdima maola ambiri madzi atachepa ku Kariba, ndiye laiti ya sola ndi chinthu choyamba kugula. Ngati mukoka magetsi kuchokera m'nyumba, itanani wodziwa nchitoyo. Waya wolumikiza ndi selotepu pansi pa kapeti watentha nyumba zambiri.

Malo akayera, ikani malamulo pakhoma tsiku loyamba, olembedwa ndi inu nokha. Mowa ayi, chamba ayi, kubecha ndi ndalama ayi. Chitseko chikhale chotsegula pamene muli anthu. Nthawi yotseka ikhale imodzi, ndipo isungidwe olo bola ikali mkati. Pakhale maola a owerenga pamene sipika ikhala chete. Aneba awuzidwe musanayambe, ndipo apatsidwe nambala ya munthu woyankha akadandaula. Wophwanya lamulo akhale panja sabata, olo akhale mwana wa mwini nyumba. Ngati simungathe kudziletsa nokha, ndiye kuti makolo amene anakana anali olondola.

Ndipo pali chinthu chimene ndidzakangana nacho ndi anyamata mpaka mawa. Musaitane alongo anu kudzasesa ndi kukolopa, kenako malo akayera n'kukhala a amuna okhaokha, mtsikana akalowa mluzu ndi ndemanga. Mnyamata akasowa pokhala ali ndi kalavati. Mtsikana alibe olo kalavatiyo. Ngati pali amene afunika chipinda chimenechi koposa, ndi iwo. Akhale nawo pa gulu losunga kiyi ndi ndalama, akhale ndi masiku awoawo ngati afuna, ndipo mnyamata wosadziwa kulemekeza atuluke. Malo amene mlongo wako sangakhalemo momasuka ndi bala chabe lopanda laisensi.

Mwina wina akunyengererani ndi nkhani za ku America, kuti Hewlett ndi Packard anayambira kampani yawo mu galaji ku Palo Alto mu 1939, kuti Apple nayonso ikumbukiridwa ndi galaji ya mu 1976. Zoona, koma musagulitse galaji yanu kwa makolo ndi malonjezo otere. Sipafunika kutuluka kampani kuti chipinda chikhale ndi phindu. Ngati anyamata asanu atha madzulo pa draft m'malo mwa pa makina obechera, chalipira. Ngati mtsikana apeza tebulo ndi laiti yowerengera mayeso, chalipira. Ngati mnyamata amene zinthu zamuvuta, amene anatsiriza sukulu zaka zitatu zapitazo ndipo nchito kulibe, apeza anzake omufunsa kuti boyi uli bwanji, chalipira kwambiri, chifukwa kusungulumwa kwa achinyamata osowa chochita tikuona kumene kukutifikitsa. Kucheza pakokha ndi chifukwa chokwanira. Makolo athu sanamange gowelo kuti mutuluke fakitale.

Sindinena kuti galaji imodzi idzathetsa ulova kapena kutseka mabala. Ndinena kuti pakati pa toll gate ndi Kafue pali zipinda zambiri zokhoma, ndipo pa msewu uliwonse wa mapuloti chimodzi chabe chikwanira. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ndiye amene muli ndi galaji koma ana anu anakula n'kuchoka, nkhaniyi ndi yanunso. Atate, amai, kiyi ili m'thumba mwanu kapena pa msomali kuseri kwa chitseko. Anzanga, wilibala ingabwerekedwe, tsache lilipo, manja muli nawo. Kambiranani madzulo ano, mugwirizane tsiku, ndipo Corolla ija ituluke ione dzuwa.